Nyenyezi Imene Inanamiza Akatswiri

Usiku wa m'mwezi wa Meyi, mvula italeka ndipo thambo litayera, munthu akakweza maso amaona nyenyezi zosaŵerengeka. Kwa iye zonsezo ndi zamtundu umodzi, kungoti zina n'zoŵala kwambiri pamene zina n'zozilala. Koma m'gulu la nyenyezi lotchedwa Virgo, limene m'nyengo yokolola limafika chapamwamba pa mitu yathu anthu atangotha kudya mgonero, muli kadontho kena kamene maso paokha sangakaone, ngakhale kamaoneka ndi telesikopu yocheperapo. Kadontho kameneka kanayamba kugwidwa pa zithunzi za thambo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kwa zaka zoposa 70 aliyense wokaona ankati ndi nyenyezi wamba, yosayenera kuitayira nthaŵi.

Lero tikudziŵa kuti si nyenyezi ai. Dzina lake ndi 3C 273, ndipo kuŵala kwake n'kofanana ndi kwa madzuŵa mathiriliyoni 4 ataikidwa pamodzi. Chodabwitsa koposa n'chakuti nyali yaikulu chotereyi imayatsidwa ndi chinthu chamdima kuposa china chilichonse m'chilengedwe. Tiyeni tsono tione m'mene anthu anafikira podziŵa zimenezi, pakuti m'njira imene anayendamo muli phunziro lalikulu kwa ophunzira ndi aphunzitsi omwe.

Miyeso ya kuthambo

Tisanapite patali, tiyenera kumvana za miyeso. Miliyoni mukuidziŵa. Biliyoni ndi mamiliyoni 1,000, ndipo thiriliyoni ndi mabiliyoni 1,000. Kuŵala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera ku mwezi kumafika kuno m'sekondi imodzi ndi kachigawo, ndipo kuchokera ku dzuŵa kumatenga mphindi 8. Popeza makilomita amachepa poyeza thambo, akatswiri amayeza mtunda ndi nthaŵi imene kuŵala kumatha pa ulendo. Akati chinthu chili pa mtunda wa zaka 100 za kuŵala, akutanthauza kuti kuŵala kumene tikuona usiku uno kunanyamuka kumeneko zaka 100 zapitazo. Motero kuyang'ana patali kuthambo ndiko kuyang'ana zakale.

Dzuŵa lathu ndi nyenyezi imodzi mwa nyenyezi zoposa mabiliyoni 100 zimene zili m'gulu limodzi. Gulu limeneli ndilo Mlalang'amba, mzere woyera ngati utsi uja timauona utadutsa pakati pa thambo m'miyezi yozizira. Kunja kwa Mlalang'amba wathu kuli milalang'amba ina yambirimbiri, uliwonse ndi nyenyezi zakezake.

Phokoso lochokera kumwamba

M'chaka cha 1933 a Karl Jansky, injiniya wa kampani ya matelefoni ya Bell ku America, analengeza chinthu chachilendo. Iwo ankafufuza gwero la phokoso losokoneza mauthenga a pa wailesi, ndipo anapeza kuti phokoso lina linali kuchokera kuthambo, chapakati pa Mlalang'amba. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, akatswiri anamanga makina otchera khutu kumwamba, ndipo m'chaka cha 1959 a pa Yunivesite ya Cambridge ku Mangalande anasindikiza mndandanda wao wachitatu wa malo a kuthambo otulutsa mafunde a wailesi. Zilembo za 3C zimaimira mndandanda umenewu, ndipo 273 ndi nambala ya chinthucho m'menemo.

Vuto linali lakuti makina a masiku amenewo sanali kuloza bwino. Anali ngati munthu womva ng'oma usiku, amene angakuuzeni mbali imene ikulirira koma osati bwalo lenilenilo. A Cyril Hazard ndi anzao anathetsa vutoli mwanzeru m'chaka cha 1962. Anadziŵa kuti mwezi, poyenda m'njira yake, udzadutsa kutsogolo kwa 3C 273 ndi kuiphimba. Pogwiritsa ntchito chimbale chachikulu cha wailesi cha ku Parkes m'dziko la Australia, chotambalala mamita 64, analemba nthaŵi yeniyeni imene mafundewo anazimirira ndi imene anabwereranso. Popeza malo a mwezi pa sekondi iliyonse amadziŵika bwino, anatha kuloza pamalo penipeni. Pamalopo panali kanyenyezi kosachititsa chidwi kaja, ndi kamzere ka kuŵala kotuluka pambali pake.

Mizere yosadziŵika mwini

Ntchito yofufuza kanyenyezika inagwera a Maarten Schmidt, mbadwa ya ku Holland imene inkagwira ntchito ku California. Iwo anali ndi mwai wogwiritsa ntchito telesikopu ya pa phiri la Palomar, ya galasi lotambalala mamita 5, imene inalibe inzake m'masiku amenewo.

Kuti timvetse zimene anachita, tikumbukire phunziro la kusukulu. Kuŵala kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumamwazika kukhala mitundu ya utaŵaleza. Tsono mpweya wa mtundu uliwonse ukatentha umalemba mizere yakeyake pamalo odziŵika m'utaŵalezamo, monga momwe munthu aliyense alili ndi chidindo cha chala chake. Poŵerenga mizere imeneyi katswiri amadziŵa zimene zili m'nyenyezi ngakhale sanapiteko. Koma mizere ya 3C 273 sinafanane ndi ya mpweya uliwonse wodziŵika. A Schmidt anakhala nayo milungu ingapo osaipezera mutu wake.

Pa 5 Febuluwale 1963 ndi pamene anazindikira kuti ina mwa mizereyo inatalikirana mofanana ndendende ndi mizere ya haidirojeni, mpweya wofala kuposa wina uliwonse m'chilengedwe. Kusiyana kwake kunali kwakuti yonse inasunthira kumbali yofiira ndi magawo 16 pa 100. Panalibe amene anaganizapo zimenezi, chifukwa nyenyezi za mu Mlalang'amba wathu sizisunthitsa mizere yake mpaka pamenepo.

Kusunthaku kuli ndi tanthauzo. Mukaima m'mbali mwa mseu lole ikudutsa ikuliza belu, mumamva mau ake ali okwera pamene ikubwera, koma ikangopitirira mauwo amatsika, chifukwa mafunde ake akutamuka. Kuŵala kumachitanso chimodzimodzi: kwa chinthu chimene chikutalikira kumatamukira kofiira. Kuyambira m'chaka cha 1929, chifukwa cha ntchito ya a Edwin Hubble, zinali zodziŵika kuti chilengedwe chikufutukuka, ndi kuti mlalang'amba ukakhala patali kwambiri umatalikiranso mofulumira kwambiri. Magawo 16 pa 100 aja anatanthauza liŵiro la makilomita pafupifupi 47,000 pa sekondi, ndi mtunda wa zaka za kuŵala pafupifupi mabiliyoni 2. Pamene kuŵala kumene a Schmidt anagwira kunkanyamuka, padziko pano panalibe munthu, nyama kapena mtengo.

Muuni umene ukuoneka uli kutsidya kwa nyanja suyenera kukhala wamaseŵera. Ataŵerengera, akatswiri anapeza kuti kadontho kaja kamaŵala kuposa milalang'amba yathunthu makumimakumi. Kakanakhala pa mtunda wa zaka 33 za kuŵala kuchokera kuno, kakanaŵala ngati dzuŵa la masana. M'chaka cha 1964 a Hong-Yee Chiu anapatsa zinthu zoterezi dzina lakuti quasar, chidule cha mau a Chingerezi otanthauza gwero la mafunde a wailesi looneka ngati nyenyezi.

Mphamvu yaikulu m'malo aang'ono

Funso lina lovuta linabwera msanga. A Harlan Smith ndi mai Dorrit Hoffleit anafukula zithunzi zakale zosungidwa pa Yunivesite ya Harvard, ndipo anapeza kuti 3C 273 yakhala ikusinthasintha kaŵalidwe kake. Pambuyo pake kunapezeka maquasar ena osintha m'miyezi, m'milungu, ngakhale m'masiku ochepa chabe.

N'chifukwa chiyani zimenezi zinasautsa akatswiri? Tiyerekeze kuti ana a sukulu afola mzere wotalika kilomita imodzi, inu mwaima kumapeto kwake, ndipo onse aomba m'manja kamodzi pa nthaŵi imodzi. Simudzamva kuomba kumodzi ai. Mudzamva phokoso lokoka kwa masekondi atatu, chifukwa mau a mwana wa kumapeto enawo akuchedwa m'njira. Mukamva kuomba kumodzi kokha, phwa, ndiye kuti anawo aunjikana pamodzi. N'chimodzimodzi ndi kuŵala. Chinthu chimene kaŵalidwe kake kasintha m'mwezi umodzi sichingakhale chotambalala kuposa mtunda umene kuŵala kumayenda m'mwezi umodzi. Pomwe Mlalang'amba wathu ndi wotambalala zaka 100,000 za kuŵala, nyali yoposa Mlalang'ambayi inali kuyaka m'kamalo kochepa kuposa mtunda wa pakati pa dzuŵa ndi nyenyezi yoyandikana nalo.

Moto wa m'nyenyezi sukanatha kuchita zimenezi. Dzuŵa limaŵala posandutsa haidirojeni kukhala hiliyamu, ndipo pa magawo 1,000 a zinthu zimene latentha, magawo 7 okha ndiwo amasanduka mphamvu. Panafunika ng'anjo ya mtundu wina.

Dzenje lakuda

Chinthu chilichonse cholemera chimakoka zinzake. Mphamvu yokokayi ndiyo imagwetsa mango pansi, ndipo kuti chombo chithaŵe dziko lathu osabwereranso chiyenera kuthamanga makilomita 11 pa sekondi. Kale m'chaka cha 1783 mbusa wina wa ku Mangalande, a John Michell, anaganiza kuti pangakhale nyenyezi yokoka mwamphamvu kotero kuti ngakhale kuŵala sikungaithaŵe. A Albert Einstein atafotokoza mphamvu yokoka mwa njira yatsopano m'chaka cha 1915, a Karl Schwarzschild anaonetsa mwa masamu m'chaka chotsatira malire a chinthu choterocho. Dzuŵa litapanikizidwa mpaka kutambalala makilomita 6 okha lingasanduke chinthu chimenechi. Dziko lathu lingafunike kulipanikiza mpaka lichepe ngati chipatso cha masau.

Pa Chingerezi amachitcha black hole, ife tinene kuti dzenje lakuda. Si dzenje lokumba, koma ndi malo amene zinthu zaunjikana mothinana koopsa, ozunguliridwa ndi malire amene choloŵa sichitulukanso. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaliona ngati maseŵera a masamu chabe.

M'chaka cha 1964 a Edwin Salpeter ku America ndi a Yakov Zel'dovich ku Soviet Union, aliyense payekha, ananena kuti yankho la quasar lili pamenepa. Kodi mdima ungabale bwanji kuŵala? Taganizani za madzi a mtsinje wa Shire pa Nkula. Mphamvu ya magetsi imachokera m'kugwa kwa madziwo, ndipo akagwa kuchokera patali mphamvu imachulukanso. Palibe phompho lakuya kuposa dzenje lakuda. Mpweya ndi fumbi zokokedwa nalo sizigweramo molunjika, koma zimazungulira ngati kamvuluvulu ndi kupanga chimbale chaphanthiphanthi. Za m'kati zimathamanga kuposa za kunja, motero zimakhulana, ndipo monga amadziŵira aliyense amene anaonapo kupeka moto, kukhulana kumabala kutentha. Chimbalecho chimatentha mpaka kuŵala koopsa. Mwa njira imeneyi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10 a zinthu zogwazo limasanduka mphamvu, kuposa moto wa m'nyenyezi koŵirikiza kakhumi. Chotero kuŵala kwa quasar sikuchokera m'dzenjemo, koma pakhomo pake, kwa zinthu zimene zatsala pang'ono kumezedwa. Kuti ng'anjoyi ikwanire, dzenjelo liyenera kulemera ngati madzuŵa mamiliyoni kapena mabiliyoni.

Ganizo limeneli linamasuliranso zinthu zina zimene zinaonedwa kale osamveka. M'chaka cha 1918 a Heber Curtis anaona mzere woongoka wa kuŵala ukutuluka pakati pa mlalang'amba wotchedwa M87, ndipo m'chaka cha 1943 a Carl Seyfert anafotokoza milalang'amba ina yokhala ndi pakati poŵala mwachilendo. Lero zikudziŵika kuti zonsezi ndi za banja limodzi. Pakatikati pa mlalang'amba pali dzenje lakuda limene likudya, ndipo kaonekedwe kake kamasiyana malinga ndi kuchuluka kwa chakudya ndi mbali imene ife tikuonera. Mzere wa a Curtis, monganso uja wa pambali pa 3C 273, ndi mpweya umene mphamvu ya maginito imauponya kunja pa liŵiro loyandikira la kuŵala.

Sikuti onse anavomera msanga. A Halton Arp, katswiri wodziŵika, anaumirira kwa zaka zambiri kuti maquasar ali pafupi ndi kuti kusuntha kwa mizere kuli ndi chifukwa china. Mlanduwu unaweruzidwa ndi umboni. M'chaka cha 1979 kunapezeka quasar yooneka paŵiri chifukwa kuŵala kwake kunapindidwa ndi mlalang'amba wakutali umene uli kutsogolo kwake, kutsimikiza kuti iyo ili kutali koposa. M'zaka za m'ma 1990 telesikopu ya Hubble, youluka kunja kwa mpweya wa dziko, inajambula bwino milalang'amba imene maquasar akhala pakati pake.

Chilombo chogona pakhomo pathu

Maquasar ochuluka ali kutali, kutanthauza kuti anali ofala kale, makamaka zaka pafupifupi mabiliyoni 10 zapitazo. Nanga anapita kuti? M'chaka cha 1969 a Donald Lynden-Bell a ku Mangalande anayankha kuti sanapite kulikonse. Chakudya chikatha nyali imazima, koma dzenje limatsala. Motero pakati pa milalang'amba yapafupi, ngakhale wathu womwe, payenera kukhala maenje ogona.

Pakati pa Mlalang'amba wathu pali pa mtunda wa zaka 26,000 za kuŵala, kuseri kwa mitambo ya fumbi. M'chaka cha 1974 a Bruce Balick ndi a Robert Brown anapezapo kadontho kotulutsa mafunde a wailesi, kamene tsopano kamatchedwa Sagittarius A*. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 magulu aŵiri, lina lotsogozedwa ndi a Reinhard Genzel pa matelesikopu a ku Chile, lina ndi mai Andrea Ghez pa a ku Hawaii, anayamba kulondola nyenyezi za pamenepo chaka ndi chaka, pogwiritsa ntchito kuŵala kwa infrared kumene kumapyola fumbi. Nyenyezi ina yotchedwa S2 inapezeka kuti imazungulira malo opanda kanthu kooneka kamodzi pa zaka 16, ndipo poyandikira kwambiri m'chaka cha 2018 inathamanga makilomita oposa 7,000 pa sekondi. Mwala wa pa gulaye ukamazungulira mwaliŵiro, timadziŵa mphamvu ya dzanja loupukusa. Masamu anaonetsa kuti chogwira nyenyeziyi chimalemera ngati madzuŵa mamiliyoni 4. Chifukwa cha ntchito imeneyi aŵiriwa analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2020, pamodzi ndi a Roger Penrose.

Wina asachite mantha. Dzenje lakuda silimeza zinthu zakutali. Limangodya zimene zayandikira pakamwa pake, ndipo lathuli likudya pang'ono zedi. Komabe pali zizindikiro zakuti pamalopo panali chipwirikiti kale. M'chaka cha 2019 telesikopu ya wailesi ya MeerKAT, ya mbale 64, imene ili m'chipululu cha Karoo ku South Africa, inaonetsa mathovu aŵiri aakulu a mpweya wotentha otuluka pakati pa Mlalang'amba, lina kumtunda lina kunsi, otsalira a kuphulika kwakukulu kwa makedzana.

Chithunzi cha mthunzi

Chinatsala ndi kuliona dzenjelo. Akatswiri anasankha la pakati pa M87, lolemera ngati madzuŵa mabiliyoni 6.5, pa mtunda wa zaka mamiliyoni 55 za kuŵala. Kulijambula kuchokera kuno n'kofanana ndi kujambula lalanje loikidwa pa mwezi, ndipo palibe telesikopu imodzi imene ingathe. Koma mutu umodzi susenza denga. M'mwezi wa Epulo 2017 matelesikopu a wailesi 8, a ku Hawaii, Arizona, Mexico, Chile, Spain ndi ku South Pole, anagwira ntchito pamodzi pa nthaŵi imodzi, n'kukhala ngati chimbale chimodzi chachikulu ngati dziko. Akatswiri oposa 200 anatha zaka ziŵiri akulumikiza zimene anapeza, ndipo pa 10 Epulo 2019 dziko linaona mkombero woŵala wokhala ndi mdima pakati, wa msinkhu umene masamu a Einstein ananeneratu. Pa 12 Meyi 2022 anaonetsanso chithunzi cha Sagittarius A*. A Schmidt anamwalira m'chaka chomwecho, ataona mapeto a njira imene anaitsekula.

Ntchito ikadalipo

Lero maquasar olembedwa m'mindandanda ndi oposa 750,000, koma mafunso sanathe. M'chaka cha 2021 kunalengezedwa quasar ya dzenje lolemera ngati madzuŵa mabiliyoni 1.6, imene tikuiona monga inalili chilengedwe chili ndi zaka mamiliyoni 670 zokha, pomwe tsopano chili ndi zaka mabiliyoni 13.8. Mwana wakhanda kulemera ngati njovu! M'mene maenje ameneŵa anakulira msanga chotere ndi nkhani imene akatswiri akulimbana nayo pogwiritsa ntchito telesikopu ya James Webb, imene inaponyedwa kumwamba pa 25 Disembala 2021.

Wina angafunse kuti kodi zakutali chonchi zili ndi phindu lanji kwa munthu wa pansi pano. Chifukwa cha kutalika kwao, maquasar saoneka kusuntha, motero ali ngati zikhomo zokhomedwa kuthambo. Matelesikopu a wailesi, kuphatikizapo a ku Hartebeesthoek pafupi ndi Johannesburg, amaŵagwiritsa ntchito poyeza kazunguliridwe ka dziko ndi kasunthidwe ka makontinenti, ndipo miyeso imeneyi ndi yofunika kuti GPS ya m'lamya za m'manja iloze malo molondola.

Koma phunziro lalikulu ndi lija tinayamba nalo. M'chaka cha 2024 gulu la a Christian Wolf a ku Australia linalengeza quasar yotchedwa J0529-4351, yoŵala ngati madzuŵa mathiriliyoni 500, imene dzenje lake limameza zinthu zolemera pafupifupi ngati dzuŵa limodzi tsiku lililonse. Quasar imeneyi inali pa zithunzi kuyambira m'chaka cha 1980, ndipo makompyuta osanthula thambo anailemba m'gulu la nyenyezi, poona kuti inaŵalitsa. Zaka 60 chipitireni ntchito ya a Schmidt, cholakwa chakale chija chinachitikanso, mpaka anthu ena anafatsa n'kumwaza kuŵala kwake kuti aŵerenge mizere.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Hazard anadikira mwezi, a Schmidt anakhala milungu akuyang'ana mizere yoŵerengeka, ndipo a Genzel ndi mai Ghez analondola nyenyezi imodzi kwa zaka zoposa 20. Aphunzitsi amene adzatulutsa ana ao panja usiku wa mwezi wa Juni kapena Julaye aŵalozere pamene Mlalang'amba wakhuthala ndi kuŵala kwambiri, pafupi ndi mchira wa gulu la nyenyezi looneka ngati chinkhanira. Kuseri kwa fumbi la pamenepo ndiko kuli dzenje lathu logona. Ndipo mwana akafunsa kuti anthu anadziŵa bwanji, ameneyo wafunsa funso loyenera, ndipo ayankhidwe mofatsa.